Chimene Chimayendetsa Mwala Ukachoka pa Legeni

Mwala ukachoka pa legeni, mphira umene unaukankha umatsala m'manja mwa mwini wake, koma mwalawo umapitirirabe kuuluka mpaka utakagunda nthambi kapena kugwera m'munda, ndipo funso lakuti n'chiyani chikuuyendetsa pa nthawi imene palibenso choukhudza lazunguza mitu ya anthu oganiza kwa zaka zoposa 2,000. Ophunzira fizikisi, phunziro lofufuza malamulo a kuyenda, kutentha, kuwala ndi magetsi, amakumana ndi funsoli kusekondale, ndipo yankho limene ambiri amabwera nalo kuchokera kwawo n'lakuti mphira uja waika mphamvu m'kati mwa mwala, mphamvuyo ndiyo ikuunyamula, ndipo ikatha mwalawo umagwa. Buku la sukulu limati yankholi n'lolakwika. Komabe kungolitcha lolakwika sikuthetsa nkhani, chifukwa pansi pake pagona mafunso awiri okhudza mmene munthu amadziwira chimene akuti akuchidziwa: pakati pa kuyenda ndi kuima, n'chiti chimene chimafuna kufotokozedwa, ndipo munthu angavomereze bwanji lamulo limene maso ake sanalionepo likuchitika ndi kamodzi komwe?

Mwana amene wakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi umboni wochuluka woikira kumbuyo yankho lake loyambalo. Dera limeneli lili m'mphepete mwa dziko lokwera la chigawo chapakati, pamene nthaka imayamba kutsetsereka kuchoka pa Phiri la Ntchisi, limene nsonga yake ili pa mamita opitirira 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, kukafika ku Nyanja ya Malawi imene ili pa mamita osakwana 500, motero maulendo ambiri a kumsika, kuchigayo ndi kusukulu amakhala ndi chitunda ndi mtsetse. Ngolo yonyamula chimanga kapena fodya kupita ku Mponela imaima ng'ombe zikangoleka kukoka, wakabaza akasiya kupalasa pachitunda njinga imam'gwetsa, wilibala ya mchenga sisuntha popanda woikankha, ndipo nguli imayamba kudzandira mkwapulo ukangochedwa. Pa zonsezi mwana wochenjera amatolapo mfundo zitatu, ngakhale sazitchula ndi pakamwa: yakuti chinthu chikamayenda ndiye kuti pali mphamvu yochiyendetsa, yakuti mphamvuyo imaloza komwe chinthucho chikupita, ndiponso yakuti liwiro lalikulu limasonyeza mphamvu yaikulu. Mfundozi sizinabadwe mwa ulesi wa maganizo, koma zinapezeka m'njira yomwe ija imene sayansi imayamikira, yoona zochitika zambirimbiri n'kusankhamo chimene chimabwerezabwereza, ndipo zimathandiza tsiku ndi tsiku, popeza wozitsata amadziwa katundu amene ng'ombe ziwiri zingakwere naye phiri ndiponso malo amene ayenera kutsika pa njinga n'kuyamba kukankha.

Isaac Newton, m'buku lake la Principia la 1687, anakana mfundo zitatu zonsezo. Lamulo lake loyamba limanena kuti chinthu choima chidzakhala chiimire, ndipo choyenda chidzapitirira kuyenda mowongoka pa liwiro lomwelo, pokhapokha patabwera mphamvu yochokera kunja kwake. Khalidwe limeneli, lakuti chinthu sichisintha chokha mayendedwe ake, ndilo limatchedwa inertia. Lamulo lachiwiri limanena kuti ntchito ya mphamvu, kutanthauza kukankha kapena kukoka kumene chinthu china chimachita pa chinzake, ndiyo kusintha mayendedwe, kaya powonjezera liwiro, polichepetsa kapena pokhotetsa njira. Malinga ndi kaganizidwe aka, mwala wochoka pa legeni sunyamula mphamvu iliyonse yoloza kutsogolo, ndipo zimene zikugwira ntchito pa iwo ndi kukoka kwa dziko lapansi, kumene kumawonjezera liwiro lolowera pansi ndi mamita pafupifupi 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, pamodzi ndi mpweya umene ukuutsekereza. Ngolo nayo imaima chifukwa cha kukhulana kwa matayala ndi nthaka ndiponso kwa zitsulo zokhazokha, kumene m'kalasi amakutcha friction. Chovuta kwambiri kumeza ndi chotsatira chake: ng'ombe zikamakoka ngolo pa liwiro losasintha, kukoka kwawo kumangolingana ndendende ndi zonse zobweza ngoloyo, kotero kuti mphamvu zonse zikaphatikizidwa sipatsala kanthu, chimodzimodzi ndi ngolo imene yaimikidwa pansi pa mtengo.

Zakuti ophunzira ambiri sataya maganizo awo akale ngakhale atakhoza mayeso zinayamba kuonekera poyera kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene akatswiri ena anayamba kufunsa mafunso opanda manambala. Laurence Viennot wa ku Paris anasonyeza mu 1979 kuti ophunzira akusekondale ndi akuyunivesite omwe amalumikiza mphamvu ndi liwiro m'malo moilumikiza ndi kusintha kwa liwiro. Mu 1980 Michael McCloskey ndi anzake a ku Johns Hopkins University mumzinda wa Baltimore anafunsa njira imene kampira kangatenge katatuluka m'paipi yopindidwa mozungulira, ndipo ophunzira ochuluka ndithu anayankha kuti kapitirira kukhota, pamene zoona zake n'zakuti kamawongoka kakangotuluka. Mu 1982 John Clement wa ku Massachusetts anapempha ophunzira uinjiniya kuti ajambule mphamvu zogwira ntchito pa ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba, ndipo ambiri, kuphatikizapo amene anali atamaliza kale phunziro la kayendedwe ka zinthu, anajambula muvi woloza kumwamba woimira mphamvu ya dzanja, ngakhale kuti dzanjalo linali litasiyana kale ndi ndalamayo. Ntchito zoterezi ndizo zinabala mayeso otchedwa Force Concept Inventory, amene David Hestenes, Malcolm Wells ndi Gregg Swackhamer anawatulutsa mu 1992, okhala ndi mafunso pafupifupi 30 amene mayankho ake olakwika anatengedwa ku zimene ophunzira enieni ankanena.

Zotsatirazi zimagwetsa maganizo awiri amene amamveka kawirikawiri pokamba za kuvuta kwa sayansi m'sukulu za kumidzi. Ena amaloza chala chilankhulo, popeza mwana wa ku Malomo kapena ku Nthondo amaganiza m'Chichewa koma amalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo n'zoona kuti zimenezi zimam'lemetsa katundu. Koma wophunzira wa ku Paris amaphunzira m'chilankhulo cha makolo ake, n'kulakwitsabe chimodzimodzi. Ena amaloza chala chikhalidwe, motsamira maganizo onga a Placide Tempels, wansembe wa ku Belgium amene anagwira ntchito ku Congo n'kulemba mu 1945 kuti anthu olankhula zilankhulo za Chibantu amaona chinthu chilichonse ngati mphamvu ya moyo, maganizo amene Paulin Hountondji wa ku Benin anadzawatsutsa chifukwa cholongedza anthu mamiliyoni m'mutu umodzi. Kukanakhala kuti mphamvu ya m'kati mwa mwala inachokera ku miyambo ya Achewa, sikanapezeka ku Baltimore. Chimene ana onsewa amafanana nacho ndi thupi limene limatopa likamakankha, ndiponso dziko limene paliponse pali kukhulana ndi mpweya.

Yankho la wophunzirayu lilinso ndi makolo ake odziwika m'mbiri ya nzeru. Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira 384 mpaka 322 Khristu asanabadwe, anagawa kuyenda pawiri: kwachibadwa, monga kwa mwala wogwa pansi kapena utsi wokwera kumwamba, chilichonse pofuna malo ake, ndi kokakamiza, kumene kumafuna wokankha amene akukhudza chinthucho nthawi yonse. Mwala woponyedwa unamusowetsa mtendere, ndipo anathawira ku mpweya, nanena kuti dzanja limakankha mpweya, mpweyawo n'kumapitiriza kukankha mwala. M'buku lake lotchedwa Physics anafika poona kuti m'malo opanda kanthu kalikonse chinthu choyenda sichikanakhala ndi chifukwa choimira apa kusiya apo, motero chikanayenda mpaka kalekale, koma iye anatenga zimenezi ngati umboni wakuti malo opanda kanthu sangakhaleko. John Philoponus wa ku Alexandria, m'zaka za m'ma 500, anatsutsa za mpweyazo ponena kuti zikanakhala zoona munthu akanatha kukhazika muvi pansonga ya ndodo n'kuuulutsa pongokupiza mpweya kumbuyo kwake, ndipo m'malo mwake anaphunzitsa kuti woponya amaika m'mwalamo mphamvu yosaoneka imene imatha pang'onopang'ono. Ibn Sina wa ku Persia, amene anamwalira mu 1037, anati mphamvuyo siitha yokha koma imathetsedwa ndi zotsekereza, ndipo Jean Buridan wa ku yunivesite ya Paris, m'zaka za m'ma 1300, anaitcha impetus, napereka umboni wa nguli ndi mwala wonolera wozungulira, zimene zimapitirira kuzungulira wozizunguza atazisiya, komanso wa chombo chimene chimayendabe okoka zingwe ataleka. Wophunzira wonena kuti mphamvu ya mphira yatha ali kumbali ya Philoponus, ndipo wam'pitirira Aristotle popanda womuphunzitsa.

Kufanana kumeneku kunachititsa McCloskey kuganiza kuti ophunzira ali ndi chiphunzitso chathunthu m'mutu chimene chiyenera kuzulidwa, koma Andrea diSessa wa ku Berkeley anatsutsa kuti chimene chilipo ndi tizidutswa ta nzeru tosalumikizana, monga kakuti kulimbikira kwambiri kumabweretsa zotsatira zambiri kapena kakuti chilichonse chimazilala pakapita nthawi, timene munthu amatola kamodzikamodzi malinga ndi mmene funso laonekera. Maganizo a diSessa akuoneka oyandikira choonadi, chifukwa wophunzira mmodzi yemweyo amalankhula ngati Aristotle pa za mwala wolemera ndi wopepuka, ngati Philoponus pa za legeni, ndipo ngati Newton pa za chombo cha mumlengalenga, osaona kuti akudzitsutsa. Ndiwonso maganizo othandiza kwa mphunzitsi, popeza tizidutswato si tabodza ayi, kungoti taikidwa pa malo olakwika.

Njira yotulukira m'maganizo akalewa inapezeka pa mtsetse, ndipo m'pake kuti ifotokozedwe ndi malo amene ana a ku Dowa ndi Ntchisi amawadziwa bwino. Galileo Galilei, m'mabuku ake a 1632 ndi 1638, anagwiritsa ntchito timipira togubuduka pa matabwa otsetsereka, koma mfundo yake imagwira chimodzimodzi pa wanjinga amene akutsikira kukhwawa osapalasa. Potsika liwiro limawonjezeka, akawoloka mlatho n'kuyamba kukwera tsidya linalo liwiro limachepa, ndipo amakaima pa malo otsikirapo poyerekeza ndi pamene anayambira. Kuchepa kwa msinkhu umene wafikawo kumadalira zinthu zimene wanjinga aliyense angazitchule: mumsewu wa mchenga ndi matayala ophwa amaima msanga, pamene pa phula ndi matayala opopa bwino ndi mahabu othira girizi amakwera kufupi ndi msinkhu umene anayambira. Pamenepa pokha chiphunzitso cha mphamvu yotha yokha chayamba kale kugwedezeka, chifukwa kukanakhala kuti mphamvuyo imazilala mwa iyo yokha, mtundu wa msewu sukanakhala ndi kanthu. Tsono Galileo anapitiriza ndi maganizo pamene manja sakanatha kufika. Zotsekereza zonse zitachotsedwa, wanjinga akanabwerera pa msinkhu weniweni umene anayambira. Chitunda cha tsidya lija chitakhala chogona kwambiri, akanayenda mtunda wautali kuti aufike msinkhuwo. Ndipo tsidyalo litakhala lathyathyathya, losakwera ndi losatsika, sakanaufika konse, motero sipakanakhala chom'chepetsera liwiro kapena chom'wonjezera. Galileo mwini ankaganiza za malo athyathyathya ozungulira dziko lapansi, ndipo anali René Descartes, mu 1644, amene ananena momveka kuti kuyenda kosasokonezedwa kumakhala kowongoka. Chimene chinasintha pa zaka zimenezo ndi funso lenilenilo: anthu analeka kufunsa chimene chikuyendetsa chinthu, nayamba kufunsa chimene chikuchiimitsa.

Apa m'pamene pali vuto lenileni la nzeru zakuya, chifukwa msewu wopanda kukhulana kulibe, ndipo palibe munthu amene anaonapo chinthu chimene palibe mphamvu iliyonse ikuchikhudza. Ngakhale chombo cha Voyager 1, chimene chinaponyedwa mumlengalenga mu 1977 ndipo chikuthamangabe makilomita pafupifupi 17 pa sekondi popanda injini yochikankha, chimakokedwabe pang'ono ndi dzuwa. Amene amakhulupirira, motsatira John Locke, kuti nzeru zonse zimalowa kudzera m'maso, m'makutu ndi m'manja, ayenera kuvomereza kuti maso ali kumbali ya wophunzira uja osati ya buku. Gaston Bachelard analemba mu 1938 kuti zimene munthu amayamba kuona ndizo chopinga choyamba pa njira ya sayansi, ndipo Henri Poincaré, mu 1902, anati lamulo la inertia silingatsimikizidwe ndi maganizo okha ndiponso silingayesedwe mwachindunji. Izi sizitanthauza kuti lamuloli n'longopeka. Limaima pa zinthu ziwiri: kuti zotsekereza zikamachepetsedwa zochitika zimayandikirayandikira chimene lamulo likunena, ndiponso kuti nthawi iliyonse imene chinthu chasintha mayendedwe, wofufuza akapita kukasaka chimene chachisokoneza amachipeza. Pulaneti ya Uranus itaoneka kuti ikupatuka pa njira imene masamu a Newton ankaonetsa, Urbain Le Verrier anawerengera malo amene chokoka chosadziwika chiyenera kukhala, ndipo mu 1846 Johann Galle ku Berlin anapeza pulaneti ya Neptune pafupi ndi malo omwewo. Chiphunzitso cha mphamvu yotha yokha sichituma munthu kukasaka chilichonse, chifukwa chinthu chikaima chimangoti mphamvu yatha, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Lamulo limene silioneka ndi maso likhoza kulandiridwa m'njira ziwiri, mwa kutsata mfundo zake kufikira munthu atakhutira, kapena mwa kukhulupirira amene walinena. Sukulu za m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi zinayamba ndi amishoni a Dutch Reformed Church, pamene A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anakhazikitsa Mvera mu 1889 ndipo Robert Blake anatsegula Kongwe mu 1894, kumene lero kuli sekondale yotchedwa ndi dzina lake, ndipo pamodzi ndi kuwerenga anabweretsa kaphunzitsidwe ka katekisimu, ka funso ndi yankho loloweza pamtima. Kaphunzitsidwe kameneka n'koyenera chikhulupiriro, chimene mwachibadwa chimaima pa umboni wa ena, koma malamulo a Newton akaphunzitsidwa motero amasanduka katekisimu wachiwiri, wolakatulidwa m'kalasi n'kusiyidwa pakhomo potuluka. Funso la mayeso a MSCE lopereka liwiro loyambira, kusintha kwa liwiro ndi nthawi, n'kufunsa mtunda, likhoza kuyankhidwa molondola ndi munthu amene mumtima mwake akali wa Philoponus. Olugbemiro Jegede wa ku Nigeria anafotokoza mu 1995 za ophunzira amene amasunga nzeru ziwiri moyandikana, ya kusukulu ndi ya kunyumba, iliyonse ndi nthawi yake. Mu 1998 Richard Hake anayerekeza makalasi 62 a ophunzira 6,542 ku America, napeza kuti kumene mphunzitsi ankangolankhula ophunzira anatseka gawo la 0.23 lokha la mpata umene unalipo pakati pa zimene ankadziwa poyamba ndi kukhoza zonse, pamene kumene ankalosera, kutsutsana ndi kuyesa anatseka 0.48. Kusowa kwa malabotale m'sekondale zambiri zoyendera, zotchedwa CDSS, ndi vuto loona, koma pa mutu uno si ndilo lalikulu, chifukwa mfundo ya Galileo imafuna njinga, chitunda ndi nthawi yokambirana. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anadzaphunzirako ku Madisi, anatenga zimene anaona m'buku la Explaining Physics n'kukaziyesa ndi zitsulo zotayidwa, ndipo nzeru yopezeka motero siisiyidwa pakhomo la kalasi.

Umboni woikira kumbuyo Newton nawonso ulipo m'moyo wa tsiku ndi tsiku, kungoti umatchedwa ndi dzina lina. Galimoto ya matola ikamanga mabuleki mwadzidzidzi, okwera amati aponyedwa kutsogolo, chonsecho palibe amene wawaponya: galimoto ndiyo yaima, iwo angopitirira ndi liwiro limene anali nalo. Mlimi akamenyetsa mpini pamwala kuti khasu likhazikike kapena liguluke, amadalira kuti mpini uima koma chitsulo chipitirira. Ndalama yogwa m'manja mwa munthu amene wakhala m'basi yothamanga pa liwiro losasintha mumsewu wa M1 imagwera pamapazi pake, osati kumpando wakumbuyo, ndipo ndi chitsanzo chonga chimenechi, cha m'chipinda cha chombo cha panyanja, chimene Galileo anayankhira amene ankati dziko likanakhala loyenda anthu akanamva. Dziko lapansi likamazungulira, malo onga Mponela amayenda makilomita opitirira 1,600 pa ola kulowera kum'mawa, pamodzi ndi msika wake, ngolo zake ndi mpweya wake. Choncho ngolo imene yaimikidwa pansi pa mtengo ndi yoima poyerekeza ndi mtengowo basi, ndipo kuima ndi kuyenda pa liwiro losasintha si mikhalidwe iwiri yosiyana mwa chinthucho, koma chinthu chimodzi choonedwa ndi anthu awiri amene akuyenda mosiyana. Ngati zili choncho, kufunsa mphamvu imene ikusunga kuyenda kuli ngati kufunsa mphamvu imene ikusunga kuima, funso limene palibe amene amalifunsa.

Nkhaniyi imafika ndi m'tchalitchi momwe. Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anayamba njira zake zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo ndi mfundo ya Aristotle yakuti chilichonse choyenda chimayendetsedwa ndi china, ndipo popeza mndandanda wa oyendetsa sungapitirire mopanda malire, payenera kukhala woyendetsa woyamba amene iye sayendetsedwa. Buridan anaona msanga kumene impetus ikulowera: anati Mulungu akhoza kukhala kuti anapatsa zakumwamba liwiro lawo pa chilengedwe, ndipo popeza kumeneko kulibe chotsekereza, sipafunikanso angelo ozikankha. Newton mwini, munthu wopembedza kwambiri, ankaganiza kuti mapulaneti amasokonezana pang'onopang'ono kotero kuti Mulungu amayenera kuwakonzanso nthawi zina, ndipo Gottfried Leibniz, m'makalata amene anatsutsana ndi Samuel Clarke mu 1715 ndi 1716, anadzudzula ganizolo kuti likuchepetsa Mlengi kukhala mmisiri amene ntchito yake imafuna kukonzakonza. Wophunzira amene Lamulungu amamva chiphunzitso chonga cha Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, umene mipingo yochokera ku Dutch Reformed Church imaulemekeza, chakuti mvula ndi chilala sizibwera mwangozi, ndiponso amene agogo ake ankapempha mvula kwa Chauta, akhoza kumva ngati lamulo loyamba la Newton likum'chotsa Mulungu ntchito. Chimene lamuloli limachotsa kwenikweni ndi Mulungu wokankha, amene ali mphamvu imodzi pakati pa mphamvu zina, ndipo Mulungu wotereyo amachepa nthawi iliyonse imene kuyenda kwina kwafotokozedwa. Otsatira Aquinas amayankha kuti iye ponena za kuyenda ankatanthauza kusintha kwa mtundu uliwonse, ndi kuti funso lake lenileni n'lakuti n'chifukwa chiyani pali zinthu ndi malamulo ake m'malo mopanda kanthu. Funso limenelo fizikisi siliyankha ndipo sililetsa. Chimene imakana n'chakuti mwala wouluka ukhale umboni wake.

Kusiyanitsa mafunso kotereku kumafunika kwambiri pamene kuyenda kwabweretsa maliro. Lole yodzaza katundu ikatha mabuleki pa mtsetse wautali wa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, umene umadutsa ku Chezi ndi ku Mvera, fizikisi imafotokoza kuti mabuleki ogwiritsidwa ntchito mosalekeza amatentha n'kuleka kugwira, ndi kuti mtunda umene galimoto imafuna kuti iime umakula kanayi liwiro likakula kawiri, zimene woganiza kuti liwiro ndi mphamvu n'zolingana saziyembekezera. Pamaliro anthu amafunsa funso lina, lakuti n'chifukwa chiyani loleyo inapeza munthu uyu pa ola limeneli. E. E. Evans-Pritchard, polemba za anthu a mtundu wa Azande mu 1937, anasonyeza kuti anthu amene amatchula ufiti nkhokwe ikagwera munthu amadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chinadya mitengo yake, ndipo M. G. Marwick, mu 1965, anaonetsa kuti pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia milandu ya ufiti imatsata mikangano ya pachibale. Fizikisi ilibe yankho pa funso lachiwirili, ndipo mphunzitsi wonamizira kuti ili nalo amangotaya chikhulupiriro cha ophunzira ake. Koma funso lachiwiri likameza loyamba, mabuleki sayang'anidwa, katundu sachepetsedwa, ndipo amene amalipira ndi nkhalamba ina ya m'mudzi imene yalozedwa chala.

Patsala chinthu chimodzi chimene wophunzira wakhama adzafunsa akamvetsa zonsezi, ndipo ali ndi ufulu wochifunsa: chabwino, palibe mphamvu yoyendetsa mwala, nanga n'chifukwa chiyani zinthu zili ndi khalidwe lopitirira, ndipo kuwongokako n'kowongoka poyerekeza ndi chiyani? Newton anayankha kuti pali malo enieni osasuntha amene kuyenda konse kumayezedwa nawo, napereka chitsanzo cha madzi okwera m'mbali mwa ndowa yozungulira. Ernst Mach, mu 1883, anakana malo osaonekawo, nati chimene munthu angatchule ndi kuyenda poyerekeza ndi nyenyezi zakutali, kotero kuti mwina inertia ya mwala imachokera ku zinthu zonse za m'chilengedwe. Albert Einstein anatengako ganizo limeneli pokonza chiphunzitso chake cha 1915, chimene chimati chinthu chosiyidwa chokha chimatsata njira yowongoka koposa m'malo ndi nthawi zimene zapindidwa ndi zinthu zolemera, koma akatswiri sanagwirizanebe ngati chiphunzitsocho chinakwaniritsa zimene Mach ankafuna.